Wodwala safuna woweruza pambali pa bedi lake

Lamlungu lapitali ndinatuluka m'chipinda chimene amayi anga agonekedwa mtima ukundiwawa kwambiri, ndipo mpaka lero mkwiyo wanga sunaphwe. Impso zawo zonse ziwiri zinasiya kugwira ntchito, moti moyo wawo tsopano ukudalira makina otsuka magazi, amene madokotala amawatchula kuti dialysis, katatu pa sabata, maola 4 ulendo uliwonse. Bambo wina wa kumpingo kwathu, amene anabwera kudzawazonda, anakhala m'mphepete mwa bedi, natsegula Baibulo, n'kunena kuti, "Mayi, mukanakhala ndi chikhulupiriro chenicheni si bwenzi mukadali pa makinawa. Dzifufuzeni, mwina pali tchimo limene simunalape." Amayi sanayankhe kanthu, anangotembenukira kukhoma, ndipo ndinaona misozi ikunyowetsa pilo.

Ndikunena poyera kuti kuuza munthu wodwala kuti sakuchira chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa ndi nkhanza, ngakhale wonenayo atanyamula Baibulo m'manja. Munthu amene matenda amulanda mphamvu, ntchito ndi tulo amatsala ndi chinthu chimodzi chogwirira, chimene ndi kudziwa kuti Mulungu sanamusiye, ndipo inu mukabwera kudzamukayikitsa pa chimenecho mwamulanda ndodo yokhayo imene amayendera.

Chikhulupiriro cha amayi anga ndimachidziwa ine amene ndimawaperekeza. Ndimawaona akutseka maso pamene namwino akuwabaya masingano awiri akuluakulu pamkono, milomo yawo ikunong'ona Salimo 23 imene anailoweza ali mtsikana. Ndimawaona akachoka pa makina ali lefulefu, chizungulire chitawagwira, miyendo ikukokana, koma asanaimirire amayamba athokoza kuti aonanso tsiku lina. Analetsedwa kumwa madzi ambiri ngakhale ludzu litawavuta chotani, chifukwa thupi lawo silingathenso kuwatulutsa, ndipo usiku ludzulo likakula amaimba nyimbo ya Mulungu chapansipansi kufikira tulo titawatenga. Sabata yatha ndinawapeza akupempherera mtsikana wa pa bedi loyandikana nalo, amene ankalira poopa ulendo wake woyamba wa pa makina. Kodi munthu wotereyu ndiye wopanda chikhulupiriro? Bambo aja anakhala m'chipindamo mphindi 20 zokha, koma anadziona woyenera kuyeza moyo wa munthu amene wakhala akulimbana ndi imfa kwa miyezi yambiri.

Baibulo lomwelo limene anatsegula likuwatsutsa. Paulo anapempha Ambuye katatu kuti amuchotsere munga umene unali m'thupi lake, ndipo pa 2 Akorinto 12 timawerenga kuti mungawo sunachoke, koma anapatsidwa chisomo chomukwanira kuti apirire. Paulo yemweyo anasiya Trofimo akudwala ku Mileto, ndipo Timoteo, amene ankadwaladwala m'mimba, sanamudzudzule konse koma anamulangiza chochita ndi thupi lake. Elisa, amene anaukitsa mwana wakufa, iyenso anadwala nthenda imene anafa nayo. Mfumu Hezekiya anapemphera akulira, Mulungu namuwonjezera zaka 15, komabe Yesaya analamula kuti pa chithupsa chake aikepo nkhuyu zouma. Luka, mlembi wa Uthenga Wabwino, anali dokotala. Ophunzira atafunsa Yesu pa Yohane 9 kuti anachimwa ndani kuti munthu uja abadwe wosaona, Iye anakana kuti si munthuyo kapena makolo ake. Kodi bambo aja aposa Yesu podziwa machimo a anthu?

Kaya maganizo otere amachokera kwa alaliki olonjeza machiritso a pompopompo kapena ndi mantha a anthu athanzi amene amafuna kukhulupirira kuti iwo sangadwale, zimenezo sizichepetsa bala limene amasiya. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Chimene chikundiopsa kwambiri n'chakuti mawu amenewa akhoza kupha. Usiku wa tsiku limenelo amayi anandifunsa kuti, "Mwana wanga, kodi kupita ku makina kuja ndikumukayikira Mulungu?" Ndinanjenjemera, chifukwa munthu amene impso zake zinaferatu akasiya kutsukidwa magazi, madzi amadzaza m'mapapo, mchere wa potassium umachuluka mpaka kusokoneza kugunda kwa mtima, ndipo satha masabata ambiri ali moyo. Ndinawayankha kuti, "Amayi, Mulungu amene mumamupempha mphamvu ndi yemweyo amene anapereka nzeru kwa opanga makinawa ndi kwa anamwino amene amakusamalani." Anakhala chete kwa nthawi yaitali, kenaka anandipempha kuti ndiwawerengere Salimo 46, ndipo m'mawa anadzuka okha kukonzekera ulendo wa ku makina. Zikanatha kuyenda mwanjira ina, ndipo bambo aja akanabwera kumaliro n'kudzalalikira za chifuniro cha Mulungu osadziwa kuti lilime lawo ndilo linakumba manda.

Mukapita kukazonda wodwala, mugwireni dzanja, mupemphere naye mwachidule, mumufunse ngati akufuna kutembenuzidwa kapena kuwerengeredwa, ndipo ngati mulibe mawu otonthoza khalani chete. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye pansi osalankhula kanthu, koma atatsegula pakamwa kuti afufuze tchimo lake, Mulungu anawakwiyira. Wodwala safuna wapolisi wa uzimu, ndipo sakuyenera kupepesa kwa munthu aliyense chifukwa chakuti sanachire pa tsiku limene inu munamuikira.

Palinso khalidwe lina limene landitopetsa, lojambula odwala ali pa bedi, machubu ali pamkono, nsalu itamasuka, n'kumwaza zithunzizo pa WhatsApp ndi pa Facebook ati popempha mapemphero. Amayi anga anamva kuchokera kwa anthu achilendo kuti chithunzi chawo chafika m'magulu atatu, pamene iwo sanauzidwe n'komwe kuti akujambulidwa. Amene anachita zimenezi achifufute lero lomwe.