Njuchi mukuzipha, udzudzu mukuutsegulira chitseko

Ana anga a kuno ku Mzuzu, inu a ku Zolozolo, Chibavi, Mchengautuba, Luwinga, ndi nonse amene muli ndi madimba m'mbali mwa Lunyangwa, lero ndilankhula mosapsatira. Wokwiya akwiye.

Sabata yatha ndinalawirira kukaona ming'oma yanga itatu imene ndinakoloweka m'mitengo ya kumunsi kwa nyumba. Pansi pa mng'oma umodzi panali njuchi zakufa zili mbwee, zina zikungozungulira pa dothi ngati zaledzera, kulephera kuuluka. Ndaweta njuchi zaka zambiri, sindinasowe wondiuza chimene chachitika. Dzulo lake, dzuwa litangotuluka, mnyamata wina wa dimba loyandikana nane anali ndi mpope kumsana, kupopera chilichonse chimene chili ndi tsamba, maungu ali m'maluwa, njuchi zili yakaliyakali pa ntchito. Pakamwa osatseka, m'manja mulibe kanthu, kumapazi patapata. Nditamufunsa kuti akupha chiyani, anandiyankha kuti, "Agogo, tizilombo." Ati tizilombo! Titi? Sanathe kutchula ngakhale kamodzi.

Mverani kuno. Dzungu lili ndi maluwa a mitundu iwiri pa chomera chimodzi, lalimuna ndi lalikazi. Lalikazi ndi lija lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake. Mungu suyenda wokha kuchoka ku duwa ili kupita ku linzake, ndi wolemera ndiponso womata, mphepo siutha monga imachitira ndi ngayaye za chimanga. Ayenera kuunyamula ndi njuchi. Ndipo duwa la dzungu limatseguka m'mamawa, pofika masana lafota, tsiku lake ndi limodzi lomwelo. Tsono iwe ukapopera nthawi imeneyo, wapha wantchito amene amakugwirira ganyu osakulipiritsa ngakhale tambala. Kenako kadzungu kaja kachita chikasu n'kugwa, iwe n'kuyamba kunena kuti mnzako wakulodzera dimba. Nkhaka ndi mavwende ndi chimodzimodzi. Mapeyala amene adzaza m'makomo mwathumu amadaliranso tizilombo touluka. Ngakhale khofi amene watchukitsa dzina la Mzuzu mpaka kunja, ngakhale amatha kubereka yekha, amabereka bwino koposa pamene pali njuchi.

Musandimve molakwa. Ine ndine mlimi, ndikudziwa kuwawa kwa kuona chimanga chitabooledwa masamba. Mbozi zija zinalowa m'dziko muno m'nyengo ya 2016 kupita 2017 zinatiliza tonse, mpaka mu December 2017 boma linalengeza kuti m'maboma 20 mwagwa tsoka. A matimati mukudziwa zimene Tuta absoluta, kambozi koboola masamba ndi zipatso za matimati, wakuchitani. Anankafumbwe nawo akutidikira m'matumba. Mankhwala ali ndi malo ake, sindikukana.

Chimene ndikukana ndi chisawawa. Mukugula mankhwala othiridwa m'timabotolo ta zakumwa, opanda dzina, opanda malangizo, kwa munthu amene wayala pansi pamodzi ndi mankhwala a makoswe. Muyeso wanu ndi wa maso: chivindikiro chimodzi chikaoneka chochepa, muthira zitatu kuti "zimve." Ena mukusakaniza mitundu iwiri kapena itatu m'mpope umodzi ngati mukuphika ndiwo. Dziko lino lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, ndipo pali bungwe la Pesticides Control Board loona za mankhwala ovomerezeka. Alangizi a zaulimi alipo, ku Lunyangwa kuno kuli malo a kafukufuku wa zaulimi pakhomo pathu penipeni. Koma kufunsa ayi. Paja safunsa anadya phula.

Ndipo m'munda si kachilombo kalikonse kamene kali mdani. Mavu amatenga mbozi kukadyetsa ana awo. Nyerere zimadya mazira ndi timbozi tating'ono. Kaja kofiira kokhala ndi madontho akuda kumsana kamatha nsabwe za pa mpiru ndi repu tsiku lonse. Ukapopera mwachisawawa, oyamba kufa ndi amenewa, pamene mbozi yabisala mkati mwa nsonga ya chimanga. Ikatuluka ipeza adani ake onse atagona, ndiye iswana mwaufulu. Ndi chifukwa chake mukudandaula kuti chaka chilichonse mukupopera kwambiri koma zinthu zikungoipiraipira.

Pa botolo lenileni pamalembedwa masiku oyenera kudikira usanakolole. Ndani wa inu amawerenga? Kupopera Lachinayi, Lachisanu m'mawa repu ali pa njinga kupita ku msika. Amene akagule ndi mayi woyembekezera, ndi gogo ngati ine, mwinanso ndi mlongo wako yemwe. Masamba osalala opanda kabowo n'kamodzi komwe, ogula kumakanganirana. Chikomekome cha mkuyu. Ndipo botolo likatha mumalitsuka mumtsinje, kumunsi kuli ana akusamba, n'kulitengera kunyumba kusungiramo mchere kapena mafuta ophikira. Mayi wa nyumba, kodi mtima wako sugunda?

Tsopano chimene chinandipweteka kwambiri tsiku lija si njuchi zanga ayi. Ndi mpanda wa dimbalo. Nazale ya matimati inali yotchingidwa ndi neti, yobiriwira, yatsopano, ija timalandira ulere. Ndinayenda pang'ono n'kupeza ina yatchinga anapiye. Abale athu a kunyanja ku Nkhata Bay ena akukokera nazo tinsomba tosakhwima. Ndiye kuti anapiye agona motetezedwa, matimati agona motetezedwa, mwana wa zaka ziwiri agona pa mphasa popanda kanthu.

Ndimamva mukunena kuti ku Mzuzu n'kozizira, udzudzu wa malungo ndi wa kunyanja. Ndani anakunamizani? Pitani ku chipatala chilichonse miyezi ya mvula mukaone amayi ali pa mzere, ana kumsana thupi lili juu. Udzudzu wa Anopheles waukazi ndiwo umafalitsa malungo, umaluma usiku, ndipo suchita kufuna nyanja kuti uikire mazira. Maenje amene mwasiya mutaumba njerwa, zithaphwi za m'madimba, madzi odikha kuseri kwa bafa, n'zokwanira. Tikuweta tokha. Ndiponso tsiku lililonse maminibasi akutsika ndi kukwera msewu wa Nkhata Bay, anthu kubwera ndi tizilombo ta malungo m'magazi, udzudzu wa kuno n'kungotola.

Pali chinanso chimene ambiri simuchidziwa. Cypermethrin, mankhwala ophera tizilombo amene mukumwaza m'madimbamo, ndi wa banja limodzi ndi mankhwala amene amaikidwa m'maneti. Akatswiri anapeza kale kuti udzudzu wa m'Malawi muno wayamba kupirira mankhwala a banja limeneli, n'chifukwa chake maneti a masiku ano amawonjezeramo mankhwala ena. Mphutsi za udzudzu zikamakulira m'madzi a m'dimba momwe mwatsikira timankhwala pang'onopang'ono, zofooka zimafa, zolimba zimatsala n'kuswana. Ganizani bwino amene mukumuphunzitsa kulimba.

Dziko lathu linali loyamba pa dziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, mu April 2019. Mankhwala a malungo a LA ali m'zipatala za boma kwaulere. Koma katemerayo sanabwere kudzalowa m'malo mwa neti, ndipo a zaumoyo amanena zimenezi nthawi zonse ku sikelo. Neti ichoke ku nazale, ichapidwe, ikapachikidwe pogona mwana. Nazale itchingeni ndi udzu monga ankachitira makolo athu, udzu sunathe ku Mzuzu.

Ngati kupopera kwafunikadi, yamba wayendera munda, uone kachilombo ndi maso ako, udziwe dzina lake. Popera madzulo njuchi zitabwerera, kopanda mphepo, ndipo mbewu ikakhala m'maluwa ileke. Ukadziwa kuti mnzako ali ndi ming'oma pafupi, kamuuze dzulo lake. Mawu awiri okha, kodi n'zovuta?

Mng'oma uja watsala ndi njuchi zowerengeka, sindikudziwa ngati ufika mwezi wamawa. Iwiri inayo ndaisamutsira kwa mlamu wanga kutali ndi madimba. Loweruka m'mawa ndikupita kukaonana ndi bambo a mnyamata uja, ndipo ndanyamula mtolo wa udzu woti akachotsere neti ija pa nazale.