Utsi wa mbaula ukupweteka ana athu kuno ku Joni

Zimene mwalembazi, zoti utsi wa nkhuni, makala ndi malasha m'nyumba umadzutsa mphumu mwa ana, ife a ku Johannesburg timaziona ndi maso. Kukazizira mu June ndi July, m'mikuku (tizisakasa ta malata) ya ku Diepsloot ndi Alexandra anthu amalowetsa mbaula m'nyumba, chitseko n'kutseka, ming'alu yonse n'kutsekera ndi nsanza. Mwana wa mnzanga amene timachita naye lendi pa yadi imodzi ankadzuka pakati pa usiku akutsokomola, pachifuwa pakulira ngati kamwana ka mphaka, nthiti zikulowa mkati. Mayi ake ankati ndi chimfine cha nyengo, mpaka kukiliniki anamupatsa pampu yopumira.

Sindikudzudzula aliyense, magetsi ndi odula ndipo kuzizira kwa kuno si kwamasewera. Koma abale anga, mbaula muziyatsira panja, mukailowetsa m'nyumba zenera likhale lotsegula pang'ono, ndipo musagone nayo m'nyumba, chifukwa mpweya woipa wa carbon monoxide umene umatuluka pa mbaula sununkha koma umapha. Pa malasha yesani njira ya Basa njengo Magogo: malasha pansi, mapepala ndi nkhuni pamwamba, moto uyambire kumwamba. Utsi umachepa kwambiri. Mwana akamabanika, musadikire kuti kuche, thamangirani naye kuchipatala.