Chongoni m'magalasi a VR: ku Joni, ku Zambia ndi kuno kwathu, ndani wagwira njira yabwino?

Mwezi wathawu msuweni wanga wa ku Joni anabwera ndi kabokosi ka katoni ka magalasi awiri, umalowetsamo foni kenako n'kuvala kumaso, ndiwo amati magalasi a VR, amakuonetsa malo ngati uli pomwepo. Akuti tavala uone. Ndinangopezeka ndili pansi pa thanthwe la Game Pass ku mapiri a Drakensberg, ndikatembenuza mutu ndikuona chigwa ndi udzu, kutsogoloku ntchefu yomwe anajambula anthu a mtundu wa San kalekale, miyendo yakumbuyo yapingasa ngati ikufa ndipo winawake waigwira mchira. Ndinakhala chete kanthawi ndithu. Koma nditavula, chomwe chinandibwerera m'mutu ndi Chongoni basi.

Amene simunafikeko, Chongoni ili ku Dedza, malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zija anajambula ndi Akafula, zoyera ndi makolo athu Achewa, zina zokhudza chinamwali zina nyau. Ine ndinakwerako ku Mphunzi ndi ku Chentcherere, thukuta lili kamukamu, ukafika pamwamba ukuona chinthu choyera ngati buluzi wotambasula miyendo chodzaza timadontho, ndiye chapafupi pompo wina analembapo dzina lake ndi khala. Zinandiwawa. Mwala ukafufutika wafufutika, sugula wina ku Limbe.

Ndiye tiyeni tiyerekeze. A ku South Africa njira yawo ndi ya makina. Ku University of Cape Town kuli Zamani Project yomwe anayambitsa Heinz Rüther, amayenda ndi makina a kuwala kwa laser kuyeza khoma lililonse ndi mng'alu uliwonse mpaka kutulutsa chithunzi cha 3D, anachita ku Great Zimbabwe, ku Kilwa kwa aneba athu a Tanzania, ngakhale ku Lalibela ku Ethiopia. Ndende ya Robben Island nayo mutha kuyendamo pa Google muli pa mkeka kwanu. Ubwino wake ndi woonekeratu, khoma likagwa ndi mvula muyezo wake ulipo, ndipo mwana wa sukulu amene sadzakwerapo ndege amaonako. Izi ine ndimazisilira, sindibisa.

Koma mtima wanga uli ndi a Zambia. Kumeneko amayi awiri, Samba Yonga ndi Mulenga Kapwepwe, anayambitsa Women's History Museum of Zambia yopanda chinyumba chachikulu, zambiri zili pa intaneti. Anagwirizana ndi ma museum a ku Sweden komwe kuli katundu wa ku Zambia amene azungu anatenga zaka zoposa 100 zapitazo, katunduyo anajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti, koma sanathere pomwepo ayi, anapita nazo zithunzizo kumidzi kuti eni ake anene kuti ichi ndi chakuti, ntchito yake ndi yakuti, amachigwira ndi ndani. Apa ndiye pali nzeru. Kakhadi ka ku museum ya ku Ulaya kamangolemba mtundu ndi chaka, gogo wa kumudzi amakuuza nkhani yonse mpaka nyimbo yake.

Komanso a Zambia akudziwa kuti chithunzi si chinthucho. Chigaza cha ku Kabwe chija chinafukulidwa mu mgodi wa Broken Hill mu 1921, mpaka lero chili ku London, kwawo kuli chongoumba chofanizira, ndipo akhala akupempha kuti chibwerere. Wina atati tikupatsani cha 3D basi zithe, angavomere? Ayi ndithu.

Kuno kwathu zinthu tili nazo, zambirinso. Ku Mua kuli Kungoni ndi Chamare Museum komwe bambo Claude Boucher anasonkhanitsa zigoba za gule mazanamazana, ku Karonga kuli chifaniziro cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana (dinosaur). Koma zomwe ndimaona zikuyenda kwambiri pa foni ndi timavidiyo ta gule pa TikTok ndi Facebook, wina wangojambula pa maliro kapena pa chiliza osapempha kwa mfumu, pansi pake makomenti achipongwe, palibe wofotokoza kuti Kasiyamaliro akutanthauza chani kapena Chadzunda n'chifukwa chani amayenda choncho. Ndiye kuti dijito yafika kale, kungoti yafika opanda mwambo.

Nkhani ya gule ndi yomwe ikundipangitsa kuti ndisathamangire njira ya makina yokhayokha. Gule Wamkulu si wa Malawi yekha, UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati wa Malawi, Zambia ndi Mozambique pamodzi, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti timakumana ku Mkaika ku Katete pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Pabwalo pajambulidwe, ndi zovinira anthu onse zimenezo, ndipo mdzukulu wa Mchewa wobadwira ku Harare kapena ku Leeds atavala magalasi n'kumva ng'oma zikumuzungulira ine ndingasangalale kwambiri. Koma kudambwe kamera ya 360 isalowe. Kamera imeneyi siisankha, imatenga mbali zonse nthawi imodzi, ndipo zikakwera pa intaneti palibe wozitsitsa. Zojambula za chinamwali za ku Chongoni nazonso zili ndi matanthauzo omwe ndi a anamkungwi, ena oti anene ena oti asunge, asankhe okha.

Ndiye ine maganizo anga ndi awa, makina tibwereke kwa a ku Joni koma kachitidwe titengere a Zambia. Miyala ya ku Mphunzi, Namzeze ndi Chentcherere iyezedwe mu 3D isanaonongeke, koma asanayatse makina akhale pansi ndi mafumu ndi anamkungwi a ku Dedza, mawu ofotokoza akhale m'Chichewa ndi mawu a anthu akomweko, ndipo mafayilo asungidwe kuno osati kunja kokha. Chinanso bandulo ndi yodula aise, ikhale yoti mphunzitsi atha kudawunilodi kamodzi n'kumaonetsa ana popanda netiweki. Oyamba kuvala kabokosi kaja akhale ana a sukulu za mphepete mwa phiri lomwelo, kenako mawa lake akwere nawo akaone mwalawo ndi maso.