Chilala chikagwa ng'ombe zathu zimalembedwa pa mndandanda wa ndani?

Chaka cha 2024 El Niño anatikwapula tonse mofanana, a Hichilema analengeza ngozi ku Zambia pa 29 February, a Chakwera pa 23 March m'maboma 23, Zimbabwe inatsatira mu April. Koma mukaona zomwe maboma amachitira munthu woweta msipu ukatha, apo pokha ndiye tasiyana kwambiri abale.

Kuno ku Nkhotakota zinali zachilendo, kwina dzuwa likuwotcha chimanga ife mtsinje wa Dwangwa ukusefukira kumapeto kwa February, kenako nyanja nayo inakwera n'kumiza madambo a m'mbali mwake momwe ng'ombe zimadya nthawi yachilimwe. Kumtunda uko sungazilowetse, ndi nkhalango yotetezedwa komanso kashembe ali komweko. Thandizo la DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, linabwera inde, thumba la chimanga la makilo 50, kwina ndalama pa foni, ndipo palibe angadandaule poti munthu ayambe wadya kaye. Koma kalembera wake ndi wa pakamwa pa anthu basi. Ng'ombe ikaonda mpaka nthiti kuwerengeka mwini wake amaigulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira, ndiye mvula ikabwerera ngolo ilipo koma yokoka palibe, mpunga utuluka bwanji kumunda?

Anzathu a ku Zambia sikuti ali kumwamba ayi, DMMU, nthambi yawo yoona za ngozi, nayo imathamangira chimanga ngati ife. Kusiyana kwake iwo ali ndi unduna wakewake wa nsomba ndi ziweto, Tanzania chimodzimodzi, pamene kwathu ziweto ndi dipatimenti chabe mkati mwa unduna wa malimidwe momwe nkhani yaikulu chaka ndi chaka ndi feteleza. Komanso Atonga a ku Southern Province ng'ombe ndi chuma chawo chenicheni, katemera wa chigodola akachedwa phungu sagona tulo.

Amene amandichititsa kaduka ndi a Botswana ndi Namibia, ngakhale sitigundana nawo malire. Ku Botswana boma likalengeza chaka cha chilala limatsitsa mtengo wa zakudya za ziweto, gawo lina limalipira lokha. Namibia inaganiza mwina, imakupatsa kandalama kapamwamba ukagulitsa ziweto msanga zisanafooke, imathandizanso kulipira mayendedwe ndi lendi ya malo ena odyetsera. Mwachidule amaithandiza ng'ombe ikadali chiimire.

Ena muziti Botswana ili ndi dayamondi, nyama yake imagulitsidwa ku Ulaya, ife makola ambiri ndi a ng'ombe zitatu zinayi ndi timbuzi. Zoona zimenezo, ndipo ine sindikunena kuti tikopere zonse. AIP, pulogalamu ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, inayesapo kugawa mbuzi ku Nsanje ndi Chikwawa mmalo mwa feteleza, ganizo labwino, koma mbuziyo nayo ifuna kudya mu October.

Chomwe chimandiwawa n'choti chakudya cha ziweto kuno kunyanja chilipo chambiri. Nsonga za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Salima, molasesi, mapesi a mpunga ku Lifuwu omwe ambiri timangoyatsa tikamaliza kumenya, masangwe a mtedza, madeya. Zimenezi sizifuna dayamondi, zifuna mlangizi wa ziweto wokhala ndi mafuta mu njinga yake, makina omangira mabelo a zakudya za ziweto pa EPA (dera la alangizi a zaulimi) iliyonse, ndiponso kuti fomu ya kalembera wa ngozi ikhale ndi mzere wofunsa kuti m'khola mwatsala zingati ndipo zikudya chiyani.