Makolo anzanga, lekani kubisa ana anu pa inshuwalansi ya galimoto

Ndakwiya, ndipo sindikuona chifukwa chobisira mkwiyo wanga. Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi kuno ku Rosettenville mumzinda wa Johannesburg, mayi wina wa mumpingo mwathu anandikokera pambali n'kundionetsa kalata yochokera ku kampani yawo ya inshuwalansi. Kalatayo inali ya masamba awiri okha. Inanena kuti kampaniyo sipereka ngakhale senti imodzi pa galimoto yawo imene inaphwanyika pa msewu wa M1 mwezi watha, ndiponso kuti mgwirizano wawo wathetsedwa. Amene ankayendetsa tsiku la ngoziyo ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 19, wophunzira ku yunivesite ya Johannesburg (UJ) ku Auckland Park, ndipo tithokoze Mulungu kuti anatuluka ndi mabala ochepa chabe. Koma pa mapepala a inshuwalansi, pamene amafunsa regular driver, munthu amene amayendetsa galimotoyo nthawi zambiri, panali dzina la mayi ake, amene amapita kuntchito pa taxi tsiku ndi tsiku ndipo chiwongolero amachigwira Lamulungu lokha.

Nditawafunsa kuti zinakhala bwanji choncho, anandiuza kuti pali bambo wina pakati pa ife Amalawi, wodziwika kuti amadziwa za mapepala, amene anawalangiza kuti: "Mayi, lembani dzina lanu basi, mwanayo musamutchule. Mukamutchula akulipiritsani ndalama zoti mulira nazo, ndipo aliyense kuno amachita chomwechi." Bambo ameneyo lero ali phee kunyumba kwake, akudya nsima yake mosatekeseka. Mayi aja atsala ndi galimoto yophwanyika imene yaima pabwalo la anthu okoka magalimoto, komwe tsiku lililonse likuwonjezera ndalama zosungira, ndipo mwini wa galimoto inayo, imene mwana anaiwomba kumbuyo, akufuna zake. Miyezi yonse imene ndalama zinkadulidwa ku akaunti yawo pa tsiku la malipiro, ankalipirira chinthu choti sichidzawathandiza.

Nkhani yanga ndi imodzi yokha ndipo ndiibwereza mpaka ikukoleni. Ngati mwana wanu ndiye amayendetsa galimoto kupita kusukulu, dzina lake ndi limene liyenera kulembedwa. Musamubise. Musalole munthu aliyense, kaya ndi mkulu wa mpingo, kaya ndi mlamu wanu, kaya ndi uja amati wakhala ku Joni zaka makumi awiri, akunyengeni kuti kubisa mwana ndiyo njira yotsitsira mtengo wa inshuwalansi. Mtengo umatsikadi pa pepala, koma pamodzi ndi mtengowo chitetezo chanu chonse chimapita.

Ndikudziwa kuti mtengo wa achinyamata ndi wowawa, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: osakwana zaka 25 komanso amene angotenga laisensi kumene amachita ngozi kawirikawiri, choncho makampani amawalipiritsa zambiri. Zimenezo sindikutsutsa. Chimene chikundipweteka n'chakuti ife tikuyankha vuto limeneli ndi bodza, kenako tikudabwa bodzalo likatibwerera.

Mwina chimatisokoneza ndi chizolowezi chakwathu. Ku Malawi inshuwalansi ya third party, yolipira anthu ena amene galimoto yanu yawavulaza kapena kuwaonongera katundu, ndi lamulo, ndipo tinakula tikuona apolisi apamsewu akuimitsa galimoto, kuyang'ana kachikalata pagalasi lakutsogolo, n'kukulozera kuti pita. M'mitu mwa ambiri a ife inshuwalansi ndi kapepala koonetsa wapolisi, ndiye bola kakhalepo, zolembedwa m'kati mwake zilibe ntchito. Kuno ku South Africa zinthu n'zosiyana. Lamulo silikakamiza mwini galimoto kukhala ndi inshuwalansi, ndipo wapolisi wa JMPD, apolisi a mzinda wa Johannesburg, akakuimitsani pa Jan Smuts kapena pa Empire Road amafuna laisensi yanu ndi disiki ya galimoto, za inshuwalansi sakufunsani. Ndiye tandiuzani, ngati palibe wapolisi woti mumuonetse, mukulipira ndalama zimenezo mwezi ndi mwezi chifukwa chiyani? Mukulipirira tsiku limodzi lokha, tsiku la ngozi. Ngati pa tsiku limenelo kampani ili ndi chifukwa chomveka chokanira, ndiye kuti ndalama zonse zija mwangotaya. Kuli ngati kulipira mlonda mwezi uliwonse, chonsecho munagwirizana naye kale kuti usiku asamabwere.

Ena amati Road Accident Fund ilipo. Ilipodi, ndipo tonse timaithandiza ndi ndalama zimene zimadulidwa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo. Koma thumba limeneli limaona za anthu ovulala ndi omwalira pa ngozi zapamsewu. Silikonza galimoto yanu, silikonza galimoto ya mnzanu, silimanga mpanda wa munthu umene mwana wanu wagwetsa. Mwana wanu akawomba BMW kapena Mercedes ya munthu ku Rosebank, ndipo inshuwalansi yanu yakana chifukwa munanama, ngongole yonseyo imagwera pa banja lanu, ndipo kampani ya inshuwalansi ya mwini galimotoyo ili ndi maloya oti akutsateni zaka ndi zaka. Ndalama zimene munkati mukupulumutsa mwezi uliwonse sizingakwane ngakhale kugula nyali imodzi ya galimoto yoteroyo.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri ndi mtima woganiza kuti anthu a inshuwalansi ndi opusa ndipo sangadziwe. Adziwa, abale anga, ndipo savutika n'komwe. Pamene munkagula inshuwalansi pa foni, mawu anu ankajambulidwa, ndipo funso lakuti ndani amayendetsa galimotoyi nthawi zambiri munaliyankha ndi pakamwa panu. Ngozi ikachitika amatumiza munthu wofufuza. Munthu ameneyo amaona kachiphaso koimikira galimoto pasukulu kamene kamatidwa pagalasi. Amaona zimene tracker, kachipangizo kolondola komwe galimoto ili, yalemba, kuti galimoto imanyamuka ku Turffontein m'mawa uliwonse, kukaima ku Auckland Park kapena ku Braamfontein tsiku lonse, pamene mwini dzina lolembedwa amagwira ntchito kwina kutali. Amafunsa mlonda wa pageti la fulati yanu kuti galimoto iyi amatuluka nayo ndani. Amatsegula Facebook ndi Instagram ya mwana wanu n'kupeza zithunzi zake atakhala pachiwongolero, iye mwini atalemba kuti galimoto yanga. Kenako amamuimbira mwanayo, amene akadali ndi mantha a ngozi, n'kumufunsa mwaulemu kuti amapita bwanji kusukulu. Mukufuna kuti mwana wanu, amene munamulera kuti azinena zoona, aname pa foni yojambulidwa pofuna kuteteza bodza lanu? Ndiye mukumuphunzitsa chiyani?

Mungathe kukadandaula kwa National Financial Ombud, ofesi imene kuyambira mu 2024 imamva madandaulo a inshuwalansi kwaulere, ndipo ngati kampani yakulakwiranidi pitani ndithu osaopa. Koma nawonso adzamvetsera mawu anu ojambulidwa aja, ndipo mudzafotokoza chiyani? Komanso zoipa sizithera pomwepo, chifukwa mukapita ku kampani ina kukafuna inshuwalansi yatsopano, limodzi mwa mafunso awo ndi lakuti kodi pali kampani imene inayamba yakuthetserani mgwirizano. Mukayankha kuti inde, ena akukanani ndipo ena akukwezerani mtengo. Mukayankha kuti ayi, mwayamba bodza lachiwiri.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Palibe kholo limene limadzuka m'mawa likudziwa kuti lero taxi iima mwadzidzidzi kutsogolo kwa mwana wanga, kapena kuti maloboti a pamphambano akhala atazima, kapena kuti mvula ya matalala igwa madzulo ali pa N1. Chakudza sichiimba ng'oma, ndiye musachikonzekere ndi mapepala abodza.

Chondikwiyitsa china n'chakuti njira zoona zotsitsira mtengo zilipo, koma anthu safuna kuzimva chifukwa zimakhudza ulemu wawo. Yaikulu ndi galimoto yeniyeniyo. Mwana wa chaka choyamba ku yunivesite mukumugulira Polo yonyezimira pa ngongole ya kubanki kuti anthu akwanu aone pa WhatsApp kuti ku Joni zikuyenda, pomwe aliyense mumzinda uno amadziwa kuti Polo ndi imodzi mwa galimoto zimene akuba amazikonda kwambiri. Galimoto ikakhala ya ngongole, banki imakukakamizani kutenga comprehensive, inshuwalansi yolipira galimoto yanu komanso katundu wa ena, yokwera mtengo kuposa zonse, ndipo mulibe pothawira. Mukaphatikiza mwana wa zaka 19, galimoto yokondedwa ndi akuba, ndi ngongole ya banki, mtengo umene mupatsidwe ndi womwewo wokuthamangitsirani kwa bambo wa mapepala uja. Koma mukanagula kagalimoto kakale ka injini yaing'ono, kolipira kamodzi n'kuthana nako, mukanakhala ndi ufulu wosankha third party yokha, imene imalipira katundu wa ena amene mwana wanu waononga, kapena third party yophatikiza moto ndi kuba. Imeneyo ndi yotsika mtengo kwambiri, ndipo imatseka dzenje lalikulu loopsa, lomwe ndi galimoto ya munthu wina. Kagalimoto kanuko kakaphwanyika mudzalira, koma simudzagulitsa nyumba imene mukumanga ku Lilongwe kapena ku Mangochi kuti mulipire BMW ya mlendo.

Zina ndi zazing'ono koma zimathandiza. Imbirani makampani angapo ndi dzina lenileni la mwanayo, chifukwa mitengo yawo imasiyana kwambiri pa munthu mmodzi yemweyo. Auzeni zoona za komwe galimoto imagona usiku, ndipo ngati mungathe igone m'kati mwa geti lotseka osati mumsewu. Ikani tracker. Makampani ena, monga Discovery Insure, amayeza kayendetsedwe ka munthu kudzera pa foni ndi kachipangizo koikidwa m'galimoto, n'kupereka mphotho kwa oyendetsa bwino, ndipo kwa mwana wodekha imeneyi ndi njira yoonetsera kuti iye sali ngati anzake othamanga. Mungathenso kuvomera kuti excess, ndalama imene mumalipira nokha pa ngozi kampani isanalipire zotsalazo, ikhale yokwererapo kuti ndalama za pamwezi zitsike, bola ikhale ndalama yoti mungaipeze tsiku la ngozi popanda kukongola kwa katapila. Ndipo funsani momveka bwino za excess yowonjezera imene makampani ambiri amaika pa woyendetsa wosakwana zaka 25 kapena wa laisensi yatsopano, chifukwa ambiri amaidziwira pa tsiku lomwe akufuna thandizo.

Koma chachikulu chimene mukumulanda mwana pomubisa ndi mbiri yake. Mtengo wa inshuwalansi umatsika munthu akamakhala zaka akuyendetsa popanda kupempha kuti amulipirire ngozi, ndipo zaka zimenezo zimawerengedwa pa dzina lolembedwa. Mwana amene mwamubisa kuyambira ali ndi zaka 18 adzamaliza sukulu, adzapeza ntchito, adzagula galimoto yake, ndipo kampani idzamuona ngati munthu amene sanakhalepo ndi inshuwalansi chibadwire. Zaka zonse zimene anayendetsa mosamala m'misewu yovuta ya Johannesburg zidzapita pachabe chifukwa zinalembedwa pa dzina lanu. Inu mumati mukumuthandiza, chonsecho mukungokankhira mtengo wowawawo kutsogolo kuti adzausenze yekha.

Ndiye ndikubwereza. Lembani dzina la amene amayendetsa. Ngati mtengo woona simungaukwanitse, ndiye kuti galimoto imeneyo simungaikwanitse, ndipo palibe manyazi pa zimenezo. Mwana akwere basi ya Rea Vaya kapena taxi chaka china monga amachitira anzake ambirimbiri, kapena sinthani galimotoyo mutenge yotsika. Ndipo inu abambo amene mumapereka malangizo otere pa magulu athu a WhatsApp, mukudzitcha odziwa zinthu, ndikukupemphani mwaulemu koma mtima uli m'mwamba: siyani. Simudzakhalapo tsiku lolipira. Simudzaperekako ngakhale R100. Mukusewera ndi thukuta la amayi amene amadzuka usiku kukachapa ndi kusita m'nyumba za anthu kuti ana awo aphunzire.

Pali vuto linanso limene ndimaliona ndi maso anga mumsewu mwathu muno. Mwana wa zaka 17 wangotenga chiphaso chophunzirira kuyendetsa chotchedwa learner's, ndipo bambo ake akumuponyera makiyi kuti thamanga ukagule buledi ndi magetsi, kapena ukatenge azing'ono ako kusukulu, yekhayekha m'galimoto. Learner's imalola mwana kuyendetsa pokhapokha ngati m'galimotomo muli munthu wa laisensi yonse, ndipo laisensi yonseyo sangaitenge asanakwanitse zaka 18 ndi kukhoza mayeso oyendetsa galimoto otchedwa K53. Akachita ngozi ali yekha, musayembekezere kuti kampani iliyonse ikulipirani, ngakhale mutakhala kuti mapepala ena onse munalemba zoona. Ndawauzapo abambo awiri za zimenezi, ndipo onse anandiyankha kuti n'pafupi pomwepa, ndi pakona chabe. Pakona pomwepo ndi pamene ana a sukulu ya pulayimale amawolokera msewu.