Thonje ndi lathu, malaya ndi a eni

Dzulo mu minibasi bambo wina wotchena bwino amadandaula mokweza kuti Amalawi tinataya ulemu, timakhalira kulimbirana zovala zimene azungu ataya. Ndinangokhala chete poti panali pagulu, koma mawuwo andisowetsa tulo. Ndiye ndati ndiyankhe pompano.

Ine ndinaphunzira ndi ndalama za kaunjika. Mayi anga ankadzuka tambala woyamba kukaoda belo m'tauni, kenako n'kumazungulira misika ya m'midzi, Lachiwiri uku, Lachisanu uko. Amene sanachitepo geni imeneyi sadziwa kuti kudula waya wa belo kuli ngati kuchita mayere. Ndalama walipira kale, mwina za chipereganyu, mwina za katapila, koma zam'katimo sunazione. Tsiku lina mutuluka madiresi abwino. Tsiku lina mutuluka majuzi a chisanu cha ku Canada, iwe ukugulitsa ku Balaka mwezi wa Okutobala. Wakuodetsa sabweza ndalama. Amene amutumizira kontena sadziwa n'komwe kuti uliko. Katundu akaipa, amene amagona ndi njala ndi mayi wa pamsika uja.

Mukafuna kuona mmene tasiyanirana m'dziko muno, kaimeni pamene akutsegula belo, kaya pa Tsoka ku Lilongwe kaya ku Limbe. Oyamba kusankha ndi a mashopu, omwe amatenga zokongola, kukazichapa, kuzisita, kuzipachika pagalasi n'kuikapo mtengo wowirikiza kangapo. Bambo wa mu minibasi uja mwina malaya ake anadutsa njira yomweyo osadziwa. Kenako abwere a m'maofesi kumapeto kwa mwezi. Zotsala pakatha sabata ziwiri ndi zomwe zimakwera lole kupita kumudzi, n'kukaunjikidwa pansi pa chisaka. Ndipo amene amawerama pa mulu womalizawo, kufunafuna kabudula wa mwana, nthawi zambiri ndi mlimi wa thonje.

Apa ndi pamene pamandiwawa. Agogo anga analima thonje moyo wawo wonse ku Chikwawa. Kupopera mankhwala dzuwa lili pamutu, kutola ndi manja, kusankha loyera ndi lakuda, kenako kudikira ogula kuti anene mtengo. Thonje lathu lambiri likachotsedwa njere limatuluka m'dziko lisanasanduke ngakhale ulusi. Ulusi ndi nsalu zimapangidwa kwina. Kusoka kumachitikira ku maiko ngati Bangladesh, komwe atsikana amalandira malipiro ochepa zedi. Mu 2013 nyumba ya Rana Plaza itagwa kumeneko inapha anthu oposa 1,100, ambiri mwa iwo osoka zovala za masitolo akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America. Malaya aja akafika ku London amagulidwa, kuvalidwa kangapo, mwiniwake n'kutopa nawo n'kuwapereka ku bungwe lothandiza osauka. Zochepa zokha zimagulitsidwa komweko. Zambiri zimagulitsidwa pa sikelo kwa makampani omwe amazisankha, kuzifinya m'mabelo a makilogalamu 45 n'kuzikweza sitima. Zikatsika ku Beira kapena ku Dar es Salaam, ife timazigula ndi madola omwe tikusowa ogulira mafuta ndi mankhwala.

Onani bwino ulendowu. Paliponse pamene pali phindu lalikulu, kupanga nsalu, kuika dzina la kampani, kugulitsa chatsopano, ife palibepo. Tili koyambirira, kumene kuli thukuta, ndi kumapeto, kumene kuli zotsala. Akatswiri a za chikhalidwe cha anthu ndi chuma amati dziko lapansi lili ndi pakati ndi m'mphepete, ndipo am'mphepete amagulitsa zosakonza motchipa n'kugula zokonzedwa modula. Agogo anga sanapite kusukulu koma izi ankazidziwa, chifukwa ankaona mtengo wa kilogalamu ya thonje ndi mtengo wa shati imodzi.

Si kuti sitinayesepo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 fakitale ya David Whitehead ku Blantyre inkapota ndi kuluka thonje lathu lomweli, ndipo inalemba ntchito anthu masauzande. Zitenje, nsalu za yunifolomu, za makatani, zinkachokera pompano. Pakhonde la sitolo iliyonse pamakhala telala ndi makina ake akusoka chovala kuchokera pa nsalu yatsopano. Lero matelala ambiri a pakhonde ntchito yawo ndi kuchepetsa ndi kupinda za kaunjika. Mu 1981 Malawi anayamba kutenga ngongole za Banki Yaikulu Padziko Lonse zokhala ndi malamulo okonzanso chuma: tsegulani malire, tsitsani misonkho ya katundu wakunja, gulitsani makampani a boma. Mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti msika uziipatsa mtengo. Fakitale ija inafooka mpaka inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. Ku Zambia, komwe kaunjika amati salaula, nkhani ndi yomweyo: fakitale ya Mulungushi ku Kabwe inatseka mu 2007. Malemu Thandika Mkandawire, katswiri wathu wa zachuma amene dziko lonse linkamumvera, anachenjeza kalekale kuti ndondomeko zimenezi zikugwetsa mafakitale a mu Africa m'malo mowakonza.

Sindikunena kuti kaunjika yekha ndiye anapha mafakitale. Kuthimathima kwa magetsi, chiwongoladzanja chokwera cha mabanki, makina akalekale, zovala zatsopano zotchipa zochokera ku China, katundu wozemba msonkho pamalire, komanso atsogoleri athu amene ankasaina chilichonse bola ngongole ibwere, zonsezi zili ndi mbali yake. Zimenezo tizivomereze.

Koma amene amati msika ndi waufulu, aliyense amagula ndi kugulitsa mmene wafunira, andifotokozere za Rwanda. Mu 2016 maiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana kuti pofika 2019 asiye kuitanitsa kaunjika kuti adzutse mafakitale awo. Bungwe la ogulitsa zovala zakale ku America linakadandaula ku boma lawo kuti ntchito 40,000 zili pachiswe. America inaopseza kuti iwachotsera mwayi wa AGOA, pangano lolola katundu wa mu Africa kulowa kumeneko popanda msonkho. Kenya, Tanzania ndi Uganda anabwerera m'mbuyo. Rwanda inakana kutsitsa msonkho wa kaunjika umene inali itaukweza kuchoka pa masenti 20 kufika pa madola 2.50 pa kilogalamu, ndipo mu 2018 zovala zosokedwa ku Rwanda zinachotseredwa mwayi uja. Dziko laling'ono, lopanda nyanja yamchere ngati lathuli, linalangidwa chifukwa chofuna kudzisokera lokha. Chikhalirecho Britain yomwe inadzatchuka ndi nsalu inayamba ndi kutseka khomo: mu 1700 ndi mu 1721 inaletsa nsalu zamaluwa za ku India poteteza oluka ake. Iwo anakwera mumtengo, atafika pamwamba akutiuza kuti makwerero ndi oletsedwa.

Tsono ndikufuna chiyani? Kuletsa kaunjika mawa m'mawa, ayi. Zimenezo n'kuvula mwana wa mlimi ndi kulanda nsima mayi wa pamsika, pamene olemera azikagulabe ku Johannesburg ndi ku Dubai. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mabelo anakwera mtengo, ndipo ndinaona amayi amene anachita geniyi zaka zambiri akuyamba kugawana belo limodzi anthu atatu. Amenewa sakufunika chilango china.

Chimene ndikufuna n'choti boma liyambe ndi zimene limagula lokha komanso zimene limalamula. Ana a sukulu za pulayimale m'dziko muno ndi mamiliyoni, ndipo ambiri amavala yunifolomu. Apolisi, asilikali, anamwino, oyang'anira ndende, onse ali ndi yunifolomu. Zipatala zimafuna nsalu zoyala pabedi. Msika umenewu suli ku America, palibe angatiopseze nawo AGOA. Nsalu yake ikanalukidwa kuno ndi thonje la ku Chikwawa, Balaka ndi Salima, n'kusokedwa ndi matelala a m'maboma momwemo, mlimi akanakhala ndi wogula wodalirika ndipo mnyamata amene akuganiza zothawira ku Joni akanakhala ndi pogwira. Ngakhale zitenje za zipani, za mipingo ndi za maukwati zomwe timasindikiza chaka ndi chaka, tafunsani amene akukuodetsani kuti nsaluyo yalukidwa kuti.

Kwa bambo a mu minibasi aja ndi onse oganiza ngati iwo: mayi wowerama pa mulu wa kaunjika sanasaine pangano lililonse ndi bungwe lobwereketsa maiko ndalama la IMF, sanagulitse fakitale, sanaike mtengo wa thonje. Ali ndi K2,000 pa mfundo ya chitenje ndi mwana amene akufunika juzi mwezi wa Juni usanafike. Mukafuna wokalipira, pitani kwa phungu wa dera lanu mukamufunse kuti yunifolomu ya wapolisi amene amalondera ku Nyumba ya Malamulo inalukidwa kuti, ndipo inagulidwa ndi ndalama za yani.