Kuluza nako kumafunika kuyeserera

Mipikisano ya ziphadzuwa yachuluka muno mu Lilongwe. Ilipo ya m'makoleji, ya m'sukulu za sekondale, ya m'madera, mpaka waukulu uja wa Miss Malawi. Kulikonse kakonzekeredwe kake n'kofanana: masabata angapo atsikana akugogoda pa simenti, kuphunzira kutembenuka, kuima, kumwetulira ndi kugwira maikolofoni. Chimene sichiphunzitsidwa ndi kuluza. Chonsecho atsikana akakwera 20 pa siteji, 19 amatsika opanda chisoti. Ndiye kuti chinthu chimene pafupifupi aliyense adzachite usiku umenewo, pamaso pa abale ake ndi makamera, n'chimene sanachiyeserepo ngakhale kamodzi. Maganizo anga ndi akuti zamanyazi zambiri zimene timaziona pa mipikisanoyi zimachokera pamenepa, ndipo mlandu si wa atsikana okha.

Nthawi yovuta kwambiri ndi mphindi ziwiri zotsatira dzina la wopambana. Taganizirani mmene mtsikana amakhalira pofika pamenepo. Wafika pamalopo masana, wadya pang'ono poopa kuti diresi limuthina, wavala ndi kuvula kanayi kapena kasanu, miyendo ikunjenjemera ndi gogoda, usiku wapita, ndipo m'holo muli amayi ake, azakhali ndi amalume amene anasonkha ya telala, ya tsitsi ndi ya mavoti. Munthu wotere mukamusiya kuti aganize yekha chochita, nkhope imayamba kulankhula mwini wake asanaganize. N'chifukwa chake pa tsiku loyeserera komaliza wophunzitsa azipatula theka la ola la zimenezi zokha. Aimike atsikana awiriawiri atagwirana manja, atchule mmodzi ngati wapambana, winayo achite zoyenera, kenako asinthane mpaka aliyense ataluza kangapo.

Zoyenerazo si zambiri. Dzina likatchulidwa, musataye dzanja la mnzanuyo ngati lakuotchani. Mutembenukireni, mumukumbatire mwachidule, koma tsaya lanu lisakhudze diresi lake chifukwa zodzola zimatsalira pa nsalu ndipo iye akupita kukajambulidwa. Muuzeni mawu awiri atatu omuyamikira. Kenako bwererani m'mbuyo masitepe awiri kapena atatu kuti omuveka chisoti ndi lamba apeze podutsa. Ombani m'manja maso ali kwa iye, osati ku tebulo la majaji kapena kumene kwakhala abale anu, pakuti mukangoona nkhope ya amayi anu, misozi ndi mkwiyo zimabwera pamodzi. Kulira si kulakwa ayi, munthu wakhetsa thukuta miyezi. Cholakwika ndi kutsonya, kupukusa mutu, kuvula lamba, kuponya maluwa pansi kapena kutsika pa siteji mwambo usanathe. Ndipo dziwani kuti mafoni ambiri m'holomo saloza wopambana. Amaloza amene waluza, chifukwa kanema wa nkhope yokwiya ndi amene amathamanga pa WhatsApp.

Mu 2021 ku Colombo m'dziko la Sri Lanka, pa mpikisano wa amayi okwatiwa wa Mrs Sri Lanka, Caroline Jurie, amene panthawiyo anali Mrs World, anachotsa chisoti pamutu pa Pushpika De Silva pa siteji pomwepo, ponena kuti ukwati wa mayiyo unatha choncho samayenera kupambana. Okonza mpikisano anabwezera chisoticho kwa De Silva, Jurie anamangidwa ndi apolisi ndipo posakhalitsa anatula pansi udindo wake. Ngakhale akanakhala ndi mfundo, siteji sinali bwalo loweruzira mlandu. Tsono onani za ku Las Vegas mu 2015, pamene Steve Harvey, MC wa mwambowo, analengeza molakwika kuti Ariadna Gutiérrez wa ku Colombia ndiye Miss Universe, pomwe wopambana anali Pia Wurtzbach wa ku Philippines. Gutiérrez anali atavala kale chisoti, ndipo anaima chilili chikuchotsedwa pamutu pake anthu miyandamiyanda akuonera. Ameneyu analakwiridwa zenizeni, koma sanakankhe munthu, sanalande maikolofoni. Makanema awiriwa ndi oyenera kuonetsedwa ku kampu iliyonse, atsikana n'kukambirana okha zimene aona.

Komatu khalidwe limayamba kuonekera kuseri, kovalira, kumene oonerera safikako. Chipinda chimakhala chaching'ono, galasi limodzi kapena awiri, soketi imodzi imene aliyense akufuna kutchajira foni ndi kuwongolera tsitsi, ndipo pakati pa gawo la chitenje ndi la diresi lalitali pamakhala mphindi zochepa. Mikangano yambiri ya kumeneko gwero lake si kaduka, koma kusakonzekera. Ndolo imodzi ikasowa, woyamba kuganiziridwa ndi amene wakhala pafupi, ndipo mawu akuti "wandibera" akatuluka sabwereranso m'kamwa. Aliyense alembe nambala yake pa hang'ala, pa jumbo ya nsapato ndi kunsi kwa nsapato zomwe. Zovala zikolekedwe motsatira ndondomeko ya magawo, ndipo ndolo, mikanda ndi zibangili za chovala chilichonse zikhale m'kajumbo kakekake kopachikidwa pa hang'ala yomweyo. M'chikwama musasowe mapini, singano ziwiri zolowetsa kale ulusi, wina wakuda wina woyera, tepi, guluu wa nsapato, pulasitala wa matuza ndi mapadi. Zimenezi mwatengera aliyense, osati inu nokha. Zipi ya mnzanu ikaphulika kutatsala mphindi zitatu, mumangireni ndi mapini anu akwere siteji. Sizikuchotserani malikisi. Matroni ndi wophunzitsa amaona zonsezi, ndipo m'mipikisano ina zimene aona ku kampu zimafika m'makutu mwa majaji.

Pa siteji napo pali timachenjera timene atsikana amaganiza kuti sitioneka: kuchedwa dala kutsogolo kuti wotsatira asemphane ndi nyimbo, kutambasula chigongono pa mzere kuti mutchinge mnzanu, kuponda mchira wa diresi. Majaji amene anayendapo pa siteji amazidziwa zonsezo. Kumbuyo kwa wovala diresi lokhwekhwereza siyani mpata wa masitepe atatu. Wina akagwa, amene ali pafupi amudzutse. Akamayankha funso Chingerezi n'kumupiringa, nkhope yanu isasinthe. Apa ndipatuke pang'ono: okonza muziloleza mtsikana kuyankha m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao ngati akufuna, pakuti chimene mukuyeza ndi nzeru ndi kulimba mtima. Atsikana ambiri anzeru amasekedwa ndi holo yonse chifukwa cha liwu limodzi lapotoka.

Tsopano kwa inu okonza mipikisano, ndipo apa ndichedwapo. Simungauze mwana wa eni kuti alandire zotsatira mwaulemu pamene inu mwabisa mmene zotsatirazo zapezekera. Anthu amafuula kuti "abera" pamene sanauzidwe kalikonse. Majaji akhale 5 kapena 7, kuti pakafunika kuvota pasakhale kulingana. Aliyense asaine kuti pakati pa opikisana palibe m'bale wake, wophunzira wake kapena kasitomala wake. Telala amene wasoka diresi la mmodzi mwa atsikanawo sangakhale jaji, ngakhale atakhala wachilungamo chotani, chifukwa kasitomala wakeyo akapambana palibe adzakhulupirire. Magawo onse ndi malikisi ake alembedwe mu mgwirizano atsikana asanasaine: kucheza ndi majaji malikisi angati, kayendedwe angati, chovala cha chikhalidwe angati, funso lomaliza angati, ndiponso ngati malikisi amayambiranso pa ziro akatsala asanu omaliza. Mfundo yomalizayi ndi imene imadabwitsa anthu kwambiri, poona amene amatsogola usiku wonse wagwa chifukwa cha yankho limodzi. Mapepala a majaji azitoleredwa gawo lililonse likangotha, osati kumapeto, ndipo owonkhetsa akhale anthu awiri apadera, osati mlamu wake wa mwini mpikisano. Mukamachotsa malikisi okwera kwambiri ndi otsika kwambiri a mtsikana aliyense pa gawo lililonse, jaji mmodzi wokondera sangathe kukweza kapena kugwetsa munthu payekha. Khadi la MC likhale ndi dzina limodzi la udindo umodzi, lolembedwa m'zilembo zikuluzikulu, ndipo makhadiwo aperekedwe limodzilimodzi. Pakatha sabata, mtsikana aliyense alandire malikisi ake mwachinsinsi. Amene waona kuti anagwera pa funso amakhala ndi chokonza chaka chamawa, pomwe amene sanaone kanthu amangotsala ndi mphekesera.

Za mavoti olipira nenani poyera kuti amafikitsa munthu pati. Banja la ku Chinsapo kapena ku Area 25 likakatenga ngongole ku banki mkhonde poganiza kuti wochuluka mavoti ndiye atenga chisoti, kenako n'kumva usiku womwewo kuti mavoti amangomulowetsa m'gulu la 10 opitirira, mkwiyo wawo ndi womveka. Mphoto nazo ziperekedwe pa tsiku limene munalemba. Mtsikana amene akuyenda miyezi kulondola ndalama yake sangayankhule zabwino za mpikisano wanu, ndipo musamutchule wamwano.

Pali lina limene timalinong'ona m'malo molinena. Palibe jaji, siponsa kapena wokonza amene ayenera kuitanira mtsikana kuchipinda cha hotela, kapena kumulembera mauthenga usiku omulonjeza malo. Kukumana kulikonse matroni akhalepo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, ndipo wosakwana zaka 18 ndi mwana pa malamulo a dziko lino, choncho makolo asaine ndipo akhale ndi womuperekeza. Mtsikana amene wakana zoterezi n'kuulula sakuipitsa mpikisano, ndipo anzake asamusale.

Inu makolo ndi masapota, imbani nthungululu mmene mungathere, nyamulani zikwangwani, koma musakuwize mwana wa mnzanu. Amene mukumukuwizayo nayenso amayi ake ali m'holo momwemo. Mwana wanu akatsika pa siteji, mawu oyamba asakhale akuti "akubera mwanangu." Mukatero mwamutsekera njira yophunzirirapo kanthu, ndipo mwamupatsa mawu amene akalembe pa Facebook usiku womwewo. Mpatseni madzi, masilipasi ndi chakudya, foni mumusungire mpaka kuche.

Atsikana inu, maola 24 oyamba musalembe chilichonse pa intaneti kupatula kuyamikira wopambana ndi kuthokoza amene anakuthandizani. Status yojeda ija yoti "Mulungu akuona" aliyense amadziwa amene ikunena, ndipo ngakhale muifufute pakatha mphindi zisanu, wina wajambula kale. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ntchito ya zamafashoni muno mu Lilongwe ndi ya anthu ochepa odziwana: ojambula omwewo, matelala omwewo, makampani omwewo ofuna nkhope yotsatsira malonda. Uzaninso anzanu kuti asakumenyereni nkhondo m'makomenti. Kunyoza thupi, khungu kapena mtundu wa wopambana, ngakhale alemba ndi ena, kumabwerera pa dzina lanu, ndipo kuzunza munthu pa intaneti ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016.

Sindikunena kuti mukhale chete pamene zalakwikadi. Kukondera kulipo. Koma dandaulo lili ndi njira yake. Lembani kalata kwa okonza mkati mwa masiku amene mgwirizano wanena, tchulani ndime imene yaphwanyidwa, ikani umboni umene muli nawo, pemphani malikisi anu, ndipo sungani kope losainidwa kuti alandira. Kunena kuti "ndinali wokongola kuposa iye" si dandaulo. Kunena kuti jaji wakuti ndi msuweni wa wopambana pomwe ndime yakuti ikuletsa, limenelo ndi dandaulo, ndipo ngati sakuyankhani mukhoza kupita nalo patsogolo mutu uli m'mwamba.

Wopambana naye ali ndi zake. Asanathamangire makamera atembenukire anzake, ndipo polankhula awatchule. Gulu la pa WhatsApp la ku kampu asatulukemo m'mawa mwake. Ntchito imene analonjeza pa siteji aiyambe, aitaneko ena mwa anzakewo, pakuti ambiri amakhala ndi mapulojekiti abwino amene amafera usiku womwewo. Malemu Blandina Khondowe, amene anali Miss Malawi mu 2002, timawakumbuka lero chifukwa cha ntchito ya Think Pink Malawi yodziwitsa amayi za khansa ya m'mawere, imene anaigwira mpaka pamene anatisiya mu 2020.

Ndipo inu amene mwakhala wachiwiri, werenganinso mgwirizano wanu. Nthawi zambiri umanena kuti wopambana akalephera kupitiriza, udindo umagwera inu. Zozibini Tunzi atapambana Miss Universe mu 2019, amene anatenga udindo wa Miss South Africa ndi Sasha-Lee Olivier, yemwe anali wachiwiri wake. Choncho lamba wanu musungeni bwino, nambala ya foni musasinthe osadziwitsa okonza, ndipo akakuitanani ku zochitika za wopambanayo, kaya ndi kuchipatala kaya kusukulu, pitani pa nthawi yake mutavala lambayo.